Za Laisensi Yakale ya Woulutsa Ndege, Ngati Iyenera Kusungidwa

M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo ya dziko la Zambia inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la Civil Aviation Authority, nilipatsa ntchito yoyang'anira ndege, mabwalo ndi oulutsa ndege, imene kufikira nthawi imeneyo inali m'manja mwa dipatimenti ya boma. Ndipo m'chaka cha 2016 linabwera lamulo linanso lalikulu, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la za ndege, lija dziko linakhala nalo kuyambira masiku a atsamunda. Ku Linda, monganso ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero, makomboni a mu Lusaka, mbiri imeneyi inapita osaimva anthu, popeza pakamwa pa aliyense panali mtengo wa thumba la unga ndi wa malasha. Komatu analipo ena owerengeka amene atamva anatsegula masutukesi, natulutsa timabuku tawo takale tokhala ndi chidindo cha dipatimenti ija, nayamba kudzifunsa funso limene oulutsa ndege a m'maiko ambiri adzifunsa nthawi iliyonse imene malamulo asintha: kodi laisensi yakaleyi ndiisunge ndi kuidalira, kodi ndiipereke kuti ndilandire yatsopano, kapena ndingoileka ife yokha?

Wina adzati nkhani yotere njaanthu olemera a ku Kabulonga, ndipo m'komboni ilibe mwini. Wotero waiwala kuti pamene kampani ya Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, antchito ake, amakaniko, akalaliki ndi oyang'anira katundu, anabalalika ndi ndalama zochepa m'manja, ndipo ambiri anakapeza pokhala kumene malo anali otsika mtengo, kumphepete kwa mzinda. Mwa iwo munali ena amene m'masiku a mtendere anasunga malipiro awo pang'onopang'ono, naphunzira kuulutsa kandege ka injini imodzi. Waiwalanso makolo a lero amene amagulitsa puloti kuti mwana akaphunzire pa sukulu ya ZASTI, pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kapena ku South Africa, ndipo ndalama zimawathera mwanayo atangofika pa sitepe yoyamba, nabwerera kwao ali ndi laisensi imene siingamlembetse ntchito, koma imene kuitaya kungakhale kutaya puloti ija kachiwiri.

Sitepe yoyambayo ndiyo imene eni ntchito amaitcha PPL, laisensi ya munthu woulutsa ndege mosalipidwa. Malinga ndi muyeso wa maiko onse, woifuna ayenera kukhala wa zaka zosachepera 17, ndi kuuluka maola osachepera 40, ndipo mwa maolawo 10 akhale ali yekha m'ndege, kuphatikizapo ulendo wa makilomita 270 umene atere nawo pa mabwalo awiri osiyana. Akaipeza angathe kunyamula mkazi wake, ana ndi abwenzi, koma sangalandire malipiro. Ofuna kudya za ntchitoyi ayenera kufika maola 200, kapena 150 pa sukulu yovomerezeka, kuti apeze laisensi ya malonda, ndipo ukaputeni wa ndege zazikulu umafuna maola 1,500.

Muyeso umenewu unachokera m'chipangano chimene maiko 52 anasaina mu mzinda wa Chicago pa 7 December 1944, nkhondo yaikulu isanathe, chimene chinabala bungwe la ICAO lokhala ku Montreal. M'chipanganomo muli mfundo ziwiri zimene aliyense wofuna kuweruza bwino nkhani yathu ayenera kuzigwira. Yoyamba njakuti woulutsa ndege akhale ndi laisensi yoperekedwa kapena yovomerezedwa ndi dziko limene ndegeyo inalembedwa, kotero kuti zilembo za pamchira, 9J za Zambia, 7Q za Malawi, ZS za South Africa, G za Britain kapena N za America, ndizo zimanena laisensi imene ifunika, osati pasipoti ya munthuyo kapena mlengalenga mmene akuulukamo. Yachiwiri njakuti maiko ena adzalemekeza laisensiyo pokhapokha ngati dziko loipereka linatsata muyeso umene anagwirizana, kapena kuupitirira. Mwa ichi tiona kuti mphamvu ya laisensi siili m'pepala, ndiponso siili m'luso la mwini wake lokha, koma imatsamira pa mbiri ya ofesi imene inaidinda. Ofesiyo ikanyozeka, ana ake onse anyozeka nayo, ngakhale amene sanalakwepo.

Izi si nthano, pakuti Zambia inazilawa. M'chaka cha 2009, mwezi wa January, kampani ya Zambian Airways inaleka kuuluka. Chaka chomwecho akatswiri a ICAO atafufuza kayendetsedwe ka za ndege m'dziko muno anapeza zofooka zazikulu, makamaka m'njira yoperekera zilolezo ku makampani, ndipo mu July maiko a European Union analetsa makampani onse a ndege a ku Zambia kulowa m'mlengalenga mwao. Manyaziwo anakhala zaka zisanu ndi ziwiri, kufikira June 2016, pamene chiletsocho chinachotsedwa. Tsono amene amadandaula kuti bungwe latsopanoli labweretsa mafomu, mayeso ndi malipiro ochuluka, alingalire kuti lamulo la 2012 silinapangidwe pofuna kuzunza nkhalamba zokonda kuuluka Loweruka. Linapangidwa chifukwa dipatimenti ya boma, yolandira ndalama zake kuchokera ku thumba limodzi ndi zipatala ndi misewu, siikanatha kusunga oyendera aluso, amene makampani amawakopa ndi malipiro abwino, ndipo dziko lopanda oyendera okwanira silingatsimikize kwa anzake kuti chidindo chake n'choona. Ku Malawi nakonso lamulo la 2017 linatsegula njira yomweyi. Ine ndiyesa kuti walira mvula walira matope: amene afuna kuti laisensi yake ilemekezeke ku Lilongwe, ku Harare ndi ku Johannesburg, alole kuti kwao kuno aipime molimba.

Koma tisanafike pa chiweruzo, tiyenera kumasula mtolo umene anthu amautcha ndi dzina limodzi lakuti laisensi, pakuti m'menemo muli zinthu zingapo zimene sizifa tsiku limodzi. Pepala lenilenilo m'maiko ena silitha ntchito kufikira mwini wake atamwalira, ndipo m'maiko ena limakonzedwanso pakapita zaka. M'kati mwake mumalembedwa mitundu ya ndege imene munthuyo aloledwa kuulutsa, ndi zina monga kuuluka usiku, ndipo zimenezi zimafuna kuti mphunzitsi kapena woyesa akwere naye nthawi ndi nthawi. Palinso lamulo lofala m'maiko ambiri lakuti wonyamula anthu akhale atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Kuyambira 5 March 2008 kunaonjezeka mayeso a Chingerezi cha pa wailesi kwa ouluka maulendo a pakati pa maiko, ndipo wofika pa mlingo wachinayi, umene ndiwo wochepetsetsa wololedwa, amayesedwanso pakapita zaka zowerengeka. Laisensi yolembedwa kale chaka chimenecho chisanafike ilibe mzere umenewu, ndipo ichi chokha chikwanira kuitsekera pa malire.

Choposa zonsezi ndicho chikalata cha dotolo. Woulutsa ndege wa PPL amapimidwa pa gulu lachiwiri, ndi dotolo wosankhidwa ndi bungwe, osati aliyense wa pa kiliniki: amamuwerengetsa zilembo za pakhoma diso limodzi litatsekedwa, namuonetsa timabuku ta madontho a mitundumitundu kuti aone ngati asiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, popeza nyale za pa bwalo ndi za pa mapiko zimalankhula ndi mitundu imeneyi, amamuyesa makutu, kuthamanga kwa magazi, shuga m'mkodzo, ndipo pa msinkhu wina amamumata timawaya pachifuwa kuti aone kagundidwe ka mtima. Muyeso wa ICAO umati chikalatachi chikhale miyezi 60 kwa wachinyamata, miyezi 24 akapitirira zaka 40, ndipo umalangiza miyezi 12 akapitirira zaka 50. Maiko ena amafupikitsa kuposa pamenepa. Chikalatachi chikatha, laisensi imagona tulo, ingakhale yakale kapena yatsopano, ya pepala kapena ya pulasitiki.

Mkulu wina wa ku Linda, amene anali makaniko wa ndege masiku ake, ndipo tsopano amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, anandionetsa chuma chake chimene amachisunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi chitupa ndi kalata ya ukwati. Laisensi inali kabuku kakang'ono kofwifwa m'mphepete, koma chimene anachigwira ndi manja awiri ndi logibuku, buku la maola, lalitali chopingasa, la mizere yopapatiza: tsiku, mtundu wa ndege, zilembo zake zoyamba ndi 9J, kochokera, kopita, maola ali ndi mphunzitsi, maola ali yekha, ndi kumapeto siginecha ya mphunzitsi ndi nambala yake. Pa tsamba lina, pa mzere wa mphindi khumi ndi zisanu zokha, panali polembedwa ndi inki yofiira, tsiku limene anauluka yekha koyamba. Ndinati, "Bambo, kodi laisensi yanuyi ikadali ndi moyo?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, pepalali lilipo, koma shuga ndiye anandilanda ndege; chimene palibe angandilande ndi bukuli." Anayankha bwino koposa oweruza ambiri, pakuti ofesi iliyonse ya pansi pano, pofuna kusandutsa laisensi yakale kukhala yatsopano, imayamba yafunsa umboni wa maola, ndipo maola saola.

Tsopano tiyang'ane ku Britain, kumene funso limeneli linakula kufikira kugawanitsa mabwenzi, ndipo nkhani yake itiphunzitsa zambiri. Kumeneko PPL yakale inali ya moyo wonse. M'chaka cha 1999 maiko a ku Ulaya anagwirizana za laisensi yofanana, yotchedwa JAR, imene inali yokonzedwanso zaka zisanu zilizonse ndi kulipira. Ambiri okhala ndi yakale anakana kuisintha, nati, tipereke bwanji cha muyaya kuti tilandire cha zaka zisanu? M'chaka cha 2002 kunabadwa inanso yopepuka, NPPL, ya maola 32, ya m'dziko momwemo mokha ndi masana okha, imene umboni wa thanzi lake unali wofanana ndi wa oyendetsa galimoto, ndipo inapulumutsa nkhalamba zambiri zimene dotolo wa ndege akanazikana. Kenaka m'chaka cha 2012 anafika malamulo a bungwe la za ndege la ku Ulaya, EASA, onena kuti ndege zopangidwa m'fakitale, monga Cessna ndi Piper, ziziulutsidwa ndi okhala ndi laisensi ya ku Ulaya, pamene ndege zakale za mbiri, zomanga munthu kunyumba ndi timandege topepuka zinatsala pansi pa malamulo a dziko. Tsiku lomaliza losinthira linasunthidwa kangapo, ndipo anthu anakhala zaka ali m'chikaiko. Ochenjera anatenga yatsopano osataya yakale, nakhala nazo ziwiri.

Taonani tsono mmene zinatembenukira. Pa 31 December 2020 Britain inatuluka mu EASA potsatira kutuluka kwake mu European Union, ndipo m'mawa mwake laisensi ija ya ku Ulaya yodindidwa ndi Britain, imene anthu anaivutikira ndi kuilipira, inaleka kugwira ntchito pa ndege zolembedwa m'maiko a Ulaya. Oulutsa ndege a malonda ambiri amene anaoneratu zimenezi anali atasamutsira malaisensi awo ku Ireland, ku Austria ndi kwina, pakuti lamulo la EASA silinalole munthu kukhala ndi ziwiri za mtundu umodzi. Koma amenewanso Britain inawalola kuulutsa ndege za G kufikira 31 December 2022 pokha, ndipo anayenera kupemphanso ya kwao. Ndipo amene anaumirira PPL yakale ija, amene anzawo ankawaseka kuti ndi otsalira, m'chaka cha 2021 analoledwanso kuulutsa ma Cessna amene anali atawaletsa. M'zaka zosakwana makumi atatu malamulo anasintha nkhope kanayi, ndipo panalibe mneneri amene akananena mu 1999 mmene zidzathere. Chimene ndiphunzirapo ine si chakuti oumirira anali anzeru, pakuti ambiri a iwo anakhala zaka osauluka ndege zimene ankazikonda. Koma n'chakuti amene anasunga zonse ziwiri sanatsekeredwe khomo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo kusungako sikunawadyere kanthu, popeza yakaleyo siinkafuna malipiro.

Pamenepa m'pamene nkhani ya Zambia isiyana ndi ya Britain, ndipo wotengera za eni osapima adzasokera. Ku Britain kunali malamulo awiri oyenda pamodzi, lina la dziko, lina la Ulaya, lililonse ndi ndege zake. Kuno kuli dziko limodzi, kaundula mmodzi wa 9J ndi ofesi imodzi, ndipo dipatimenti imene inadinda timabuku takale tija siiliponso kuti ititeteze. Malamulo osamutsa ntchito kuchokera ku ofesi ina kupita ku inzake kawirikawiri amakhala ndi ndime yonena kuti zimene yakale inapereka zipitirire monga ngati yatsopano ndiyo inazipereka. Koma chisomo chotere chimafika pa tsiku limene chinthucho chikanathera ntchito, ndipo pokonzanso munthu amapimidwa ndi muyeso wa lero, wolembedwa m'malamulo a bungwe amene eni ake amawatcha ZCARs. Chotero kwa munthu wa kuno amene akuulukabe, funso lakuti asinthe kapena asasinthe lilibe mbali ziwiri. Asinthe msanga, maola ake akadali atsopano, aphunzitsi amene anamsainira akadali ndi moyo, ndi mafayilo ake akadapezeka pa shelefu, pakuti zengerezu analinda kwawukwawu. Chimene chitsala m'manja mwake n'chakuti kabuku kakaleko achite nako chiyani, ndipo ine nditi: ngati ofesi siikalanda, akasunge, ngati ikafuna, ayambe wakajambula tsamba ndi tsamba, nadinditse makopewo kwa wolumbiritsa anthu, ndipo apemphe kuti chilichonse chimene chinalembedwamo, chingakhale chilolezo cha usiku kapena mtundu wa ndege umene sanauulutse zaka khumi, chisamutsidwe kapena chilembedwe kuti chinalipo. Kalaliki wokopera amadumpha mzere osadziwa, ndipo mzere umodziwo unagulidwa ndi maola ambiri.

Anthu a m'komboni sadzavutika kumvetsa ichi, pakuti anachiona pa mapepala a nyumba. Lamulo la 1974 linapatsa okhala m'madera okonzedwanso, monga Chawama ndi George, chikalata cha khonsolo chowalola kukhala pa malowo zaka 30. Lamulolo linafafanizidwa m'chaka cha 2015 pobwera lina la mapulani a mizinda, ndipo mapepala asintha maonekedwe ndi maina. Koma pakabuka mkangano wa malire, kapena mwini nyumba akamwalira ana nayamba kulimbana, amene amapambana ndi uja anatenga pepala latsopano nasunganso lakale ndi malisiti ake onse, chifukwa latsopano limanena za lero, pamene lakale limanena kumene la lerolo linachokera.

Funso lili ndi mano enieni kwa mnyamata kapena mtsikana wobwera ndi laisensi ya dziko lina, makamaka ya South Africa, kumene ambiri a kuno amaphunzira pa mabwalo monga Wonderboom, Lanseria ndi Rand, kapena ku Port Alfred. Laisensi imeneyo njya ndege za ZS. Kuti aulutse ya 9J pali njira ziwiri: bungwe la kuno lingaivomereze kwa kanthawi, ndipo chivomerezocho sichingakhale ndi moyo kupitirira laisensi imene chatsamirapo, kapena lingampatse ya Zambia yeniyeni, atalemba mayeso a malamulo a kuno, kupimidwa ndi dotolo ndi kukwaniritsa zina zimene bungwe lifuna. Woyenda njira yoyamba sangayerekeze kuileka yakaleyo, pakuti ikafa, chivomerezo chifa nayo tsiku lomwelo. America nayo ili ndi makonzedwe otere: bungwe la FAA limapatsa mlendo chikalata chotsamira pa laisensi ya kwao, chokhala ndi nambala ya laisensiyo, ndipo Azungu ambiri amene manambala awo anasintha polowa mu EASA anadzidzimuka poona kuti chikalata chawo cha ku America chiyenera kulembedwanso. Safunsa anadya phula. Munthu asanasinthe laisensi imodzi awerenge mapepala ena onse amene apachikidwa pa iyo.

Koma woyenda njira yachiwiri, amene tsopano ali ndi ya Zambia m'thumba, kodi apitirize kudyetsa ya South Africa? Apa ndipo pamene ndisiyana ndi amene amalangiza kuti munthu asunge chilichonse chikhale chamoyo. Laisensi ya kumeneko imafuna ndalama chaka ndi chaka, dotolo wovomerezeka ndi iwo, ndi kuyesedwa m'ndege ndi mphunzitsi wa malamulo awo. Ndiko kunena ulendo wa basi wa ku Johannesburg, wodzera pa Chirundu ndi Beitbridge kapena pa mlatho wa Kazungula, malo ogona, ndi kubwereka ndege pa mtengo wa marandi. Cessna 172 imamwa malita oposa 30 a mafuta ake obiriwira ngati thambo pa ola lililonse, ndipo mafutawo sagulidwa pa filing'i siteshoni ya pa Kafue Road. Mwana wa m'banja limene linagulitsa puloti ali ndi ndalama za maola owerengeka pa chaka. Akawagawa pakati pa malaisensi awiri, adzakhala ndi mapepala awiri amoyo ndi manja ozizira, ndipo akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ngati akulinga kubwerera kumwera kukamaliza laisensi ya malonda m'chaka chimodzi kapena ziwiri, aisunge yamoyo, chifukwa kudzutsa yakufa kumadula kuposa kudyetsa yamoyo, ndipo ikagona zaka zambiri angauzidwe kulembanso mayeso. Ngati moyo wake uli kuno, ndipo maso ake ali pa makampani onyamula alendo opita ku Mfuwe, ku Livingstone ndi ku Lower Zambezi, kapena pa kampani ya Proflight, kapena pa Zambia Airways yatsopano imene inayambanso kuuluka mu December 2021 mothandizana ndi Ethiopian Airlines, aileke igone, asunge pepala lake, ndipo kwacha iliyonse aisandutse maola pa ndege ya 9J.

Ndanena za manja ozizira, ndipo ndifuna kukhalapo pang'ono, pakuti m'mikangano ya mapepala chinthu chimenechi chimaiwalika, chikhalirecho ndicho chimapha. Bwalo la Kenneth Kaunda lili pa mtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mwezi wa October, dzuwa likafika pamutu, mpweya umapyapyala kotero kuti injini imachepa mphamvu ndi mapiko amachedwa kugwira. Kandege kamene m'mawa wa June kananyamuka mosavuta kamathamanga mtunda wautali kasanachoke pansi, ndipo kakachoka kamakwera monyinyirika. M'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40, mabwalo ena ngafumbi, ndipo kumapeto kwake kuli mitengo. Mvula ikayamba mu November mitambo ya mabingu imamera masana ngati bowa. Woulutsa ndege wozolowera amawerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta asanalize injini, ndipo amadziwa kuuza mlamu wake wonenepa kuti atsale. Amene wakhala zaka zitatu pansi amakumbukira mmene ndege inkanyamukira, koma amaiwala kuti tsiku lija kunali kozizira ndipo anali yekha. Laisensi yakale ya moyo wonse ili ndi msampha umenewu, kuti imauza mwini wake kuti akadali chimene anali. M'mbali imeneyi ndiyamika malamulo atsopano kopanda kukaika, pakuti amamkakamiza kukhala pambali pa mphunzitsi asananyamule ana a eni.

Pali chifukwa chinanso chimene nkhani ya ku Britain siiyenera kutayidwa monga ya kutali. Maiko a Africa akuyenda njira imene Ulaya anayenda: mu January 2018 ku Addis Ababa atsogoleri anakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndege, maiko a SADC ali ndi bungwe lawo la chitetezo cha ndege lokhala ku Mbabane, ndipo a kum'mawa kwa Africa ali ndi lawo ku Entebbe, limene lafananitsa kale malamulo ndi mayeso a maiko ake. Tsiku likadzafika lakuti Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique azilemekezerana malaisensi kopanda mayeso atsopano, kapena kupereka imodzi yofanana, laisensi imene lero tikuitcha yatsopano idzakhala yakale, ndipo funso lomweli lidzabweranso pa khomo la ana athu. Pa tsikulo adzapitirira mosavuta ndi amene laisensi yake inatsata muyeso wonse wa ICAO. Ziphaso zopepuka za m'dziko limodzi, monga za timandege ta mapiko a nsalu timene timazungulira pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'zabwino pa ntchito yake ndi zotsika mtengo, koma zimathera pa malire, ndipo wokhala ndi PPL yathunthu asaisinthanitse ndi chopepuka chifukwa cha kutopa ndi mafomu, pokhapokha dotolo atamtsekera njira ina yonse.

Kwa nkhalamba imene dotolo waikana, kapena kwa amene thumba lamkana, palibe chamanyazi kuileka laisensi igone, ndipo kulipira chaka ndi chaka pepala limene sadzaligwiritsa ntchito ndiko kudyetsa ulemu ndi ndalama za ndiwo. Matenda ena, monga kuthamanga kwa magazi kumene kwagonjera mankhwala ololedwa, satseka khomo kwamuyaya, ndipo munthu afunse dotolo wa ndege asanadziweruze yekha. Koma logibuku ndiye asamuleke ku chinyezi ndi chiswe. M'makomboni a kumwera ndi kumadzulo kwa Lusaka, kumene mwala uli pafupi ndi nthaka ndipo madzi a mvula amalowa m'nyumba mu January ndi February, sutukesi ya pansi pa bedi si malo osungira maola a munthu. Bukulo likanyowa inki imayenderera, ndipo likatayika, ofesi imangolandira zimene zingatsimikizidwe ndi mafayilo ake, kapena ndi mabuku a sukulu ndi a ndege zimene mwina zinagulitsidwa kunja kalekale. Alijambule ndi foni tsamba lililonse, zithunzizo azitumize kwa mwana kapena mphwake wokhala kwina, tsamba lomaliza alisainitse kwa mphunzitsi wodziwika, ndipo polembera ku bungwe kufunsa zimene zifunika kuti laisensi yake ikonzedwe, alembe kalata, atchule nambala ya laisensi ndi tsiku limene anauluka komaliza, nasunge yankho lake m'pepala lomwelo la pulasitiki.